Tochi ya a Zikhale

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa a Edwell Zikhale, ngakhale tinakhala zaka zambiri titangosiyana mpanda ku Area 3. Anali munthu woumira pa zake. Kumsika waukulu ankapita wapansi ndi kubwerera wapansi poopa kulipira kabaza, ndipo nsapato zawo zinasokedwa mpaka wosokayo anazikana. Koma munthu yemweyo tsiku lina anatenga ndalama zimene ankasungira malata, n’kukagula kachitsulo kosaposa chitsekerero cha botolo, koika m’tochi. Ndinawafunsa kangapo ngati kanali koyenera mtengo wake. Tsiku lina ankati inde, tsiku lina ankati anangotaya ndalama m’madzi, ndipo nthawi zonse ankaoneka kuti akunena zoona.

Kwawo kunali cha ku Mitundu. Anabwera m’tauni ali mnyamata, nagwira ulonda zaka zisanu ndi ziwiri pa ofesi ina ku City Centre. Tochi ija anaipeza kumeneko. Inali yachitsulo, yaitali ngati mkono wa mwana, yodya mabatire atatu aakulu, ndipo kababu kake kankawala mofiirira ngati nyali ya parafini. Atasiya ulonda analembedwa ntchito ya m’maluwa kwa mayi Eveless, namwino amene amuna awo anamwalira kalekale. Anapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa khitchini, ndipo m’menemo iwo ndi akazi awo a Esnati analereramo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mtendere, mpaka anakwatiwa kutali.

Mayi Eveless atapuma pa ntchito ya kuchipatala anagula makina ofungatira mazira, nayamba kugulitsa anapiye a mtundu wa Mikolongwe. Makinawo ankakhala m’kachipinda kosungiramo katundu. Apa ndi pamene tochi ya ulonda inapezera ntchito ina. Mazira akatha masiku asanu ndi atatu m’makina, amafunika kuwaunika. Munthu amatseka chitseko, pawindo n’kutchingapo bulangete, ndipo masana enieni m’chipindamo mumagwa mdima. Kenaka amagunditsa dzira pakamwa pa tochi. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira totambalala ngati miyendo ya kangaude. Lopanda kanthu limangoti mbee. Losukusa limakhala ndi mzere wakuda kapena chimtambo, ndipo limeneli likatsala m’makina limaphulika n’kuononga anzake.

Sindinganene kuti a Zikhale ankaposa onse pa ntchitoyi, chifukwa enawo sindikuwadziwa. Chimene ndikudziwa n’chakuti kwa zaka khumi m’makina a mayi Eveless simunaphulikepo dzira.

Mazira opanda kanthu aja ankapita kwa a Esnati, kuti aphikire galu ndi anapiye. A Esnati anali ndi chizolowezi choswera dzira lililonse m’kambale asanaliphatikize ndi anzake. Tsiku lina m’mwezi wa Malichi anaitana ali pakhomo.

“Bambo a Mtendere, tabwerani mudzaone.”

“Chatani? Ndili ndi payipi m’manja.”

“Dzira lanu lopanda kanthu lija lili ndi diso.”

A Zikhale anatseka madzi, nabwera akupukuta manja pa ovololo. Anaweramira kambaleko. Anaona chikasu chokhachokha chosokonekera, koma ataweramitsitsa anazindikira magazi, ndi kadontho kakuda pakati pake. Pa mazira khumi ndi awiri amene anataya tsiku limenelo, asanu anali amoyo.

“Ndi mabatire,” iwo anatero. “Mabatire a masiku ano ndi mayina okha.”

Anagula ena. Patapita masabata awiri, dzira losukusa limene analisiya m’makina linaphulika. Fungo lake linafika mpaka kuseri kwa mpanda. Anapiye amene anaswa ulendo umenewo sanakwane theka, ndipo mayi Eveless anachita kuimbira foni anthu amene anawalonjeza anapiye, kuwapepesa mmodzimmodzi. Sanakalipe. Anangoima pakhomo pa kachipinda kaja atatseka mphuno ndi mpango.

“A Zikhale, zaka zonsezi zoterezi sizinachitikepo. Chavuta n’chiyani?”

“Tochiyi yakalamba, Amayi.”

Anayankha mofulumira kwambiri, ndipo iwo eni anadzimva. Panali patatha chaka chiyambireni kuona ngati dziko lonse lili kuseri kwa utsi wa lupsa. Manambala a nyimbo pa bolodi la kutchalitchi anasiya kuwawerenga, ankangodikira kuti kwaya iyambe. Nkhaniyi sanauzeko munthu, chifukwa ankadziwa kumene imathera. Bambo awo, a Yohane, anayamba chimodzimodzi ali ndi zaka ngati zawozi. Anakhala zaka khumi ndi chimodzi pakhonde. Ana anawamangira chingwe kuchokera pa nsanamira ya khonde kukafika kuchimbudzi, ndipo a Yohane ankayenda atachigwira, mpaka chingwecho chinachita kusalala ndi thukuta la m’manja. Kumudzi ankangoti ndi khungu la kumtundu.

Munthu wakhungu sangadule kapinga, sangaunike dzira. Ntchito ikatha, zipinda ziwiri zija zathanso. Chotsala ndi khonde la ku Mitundu ndi chingwe. Ndiye a Zikhale anakakamira pa tochi. Malinga ngati vuto linali tochi, linali vuto logulika.

Loweruka anatsikira ku Area 2, tochi ataikulunga m’nyuzipepala, nalowa m’sitolo ya zamagetsi ya a Shabir. A Shabir anabadwira momwemo m’tauni yakale, ndipo Chichewa chawo chinali cha mumsika.

“Madala, tochi imeneyi ndi mkulu wanga. Itayeni. Ndikupatsani iyi yotchaja.”

“Yapulasitikiyo? Ikagwa kamodzi ndi maliro. Iyi inamenyapo wakuba pamutu, mawa lake n’kuyakanso.”

“Ndiye mukufuna chiyani?”

“Iziwala kwambiri.”

A Shabir anatsegula kabati yagalasi, natulutsa timabokosi tiwiri. Anafotokoza kuti masiku ano tochi zakale amazichotsa kababu, n’kuikamo kachitsulo kokhala ndi nyale yamakono. Iwo ankakatcha mtima.

“Mtima uwu ndi wotchipa. Umawala bwino, palibe anabwezapo. Uwu winawu ndi wa anthu okwera mapiri ndi olondera nyama m’nkhalango. Mukauyatsa pano, munthu amene ali pa mlatho aphimba kumaso. Koma mtengo wake, madala, khalani kaye pansi.”

Anatchula mtengowo. Unali woposa theka la malipiro a mwezi.

“Inu mukulondera chiyani, banki?”

“Ndikufuna kuunika dzira.”

“Dzira?” A Shabir anaseka mpaka anagwira kauntala. “Dzira la nkhuku? Tengani wotchipawu. Ndikukuuzani ine wogulitsa, ndikudziphera ndekha malonda. Wodulawu umatentha, umamwa mabatire ngati chidakwa. Mudzawiritsa dziralo lili m’manja.”

A Zikhale anayang’ana timabokosi tiwirito. Zilembo zake sankaziona. Ankaganiza kuti akatenga wotchipa n’kukapeza kuti sakuonabe, adzati ndi kutchipako, ndipo adzabweranso. Ankafuna kuwala kumene kulibe kwina kokuposa.

“Ikani wodulawo,” iwo anatero, akumasula mpango umene munali ndalama za malata.

A Shabir anapukusa mutu, namasula kumutu kwa tochi, nachotsa kababu kakale. Anafuna kukataya m’dengu la zinyalala, koma a Zikhale anatambasula dzanja. Anakaika m’bokosi la machesi, nakalowetsa m’thumba la malaya.

Kunyumba anadula mphira wa chubu cha njinga, naupinda ngati nkhata pakamwa pa tochi kuti kuwala kusamathawire m’mbali. Lachiwiri lotsatira linali tsiku lounika, ndipo mayi Eveless anali atachokapo. A Esnati, amene anali asanasiye kudandaula za malata, anati alowa nawo kuti akaone chimene chinadya denga la nyumba yawo ya kumudzi. Anatseka chitseko. A Zikhale anatenga dzira loyamba, naligunditsa pa mphira paja, nayatsa.

Dziralo linayaka ngati khala la moto.

“Mayo ine!” a Esnati anatero. “Taonani mitsempha! Yonse ikuoneka, ngakhale ting’onoting’onoti. Kakusuntha, bambo a Mtendere, kakusuntha! Mulungu ndi wamkulu. Mwakaona?”

A Zikhale ankaona chifunga choyera, chowala mopweteka, ngati nyali za galimoto m’mame a m’mawa. Kuwala kochulukako kunangomwazika m’maso mwawo. Anatembenuza dziralo, nalisendeza kufupi, nalisendeza patali. Anatenga lina. Chimodzimodzi. Anazimitsa tochi.

Mumdimamo makina ankangolira chapansipansi.

“Mayi a Mtendere,” iwo anatero potsiriza, “si tochi.”

A Esnati sanafunse kuti nanga n’chiyani. Nawonso anali atawaona a Yohane ndi chingwe chawo.

“Tiwauze Amayi. Si anamwino kodi?”

“N’chifukwa chake sitiwauza. Munthu wamba angati mwina zitha. Iwo aja angoyang’ana kamodzi n’kudziwa kuti zatha. Ndi munthu wachifundo, sindikukana. Chifundo chawo chidzakhala kutilipirira galimoto yonyamula katundu.”

“Nanga mazirawa?”

“Inu mwati mukuona zonse.”

“Ndikuona, koma sindidziwa kuti chabwino n’chiti.”

“Ndikuphunzitsani. Maso akhala anu, nzeru zanga.”

Anagwirizana motero. Tsiku lounika a Esnati ankalowa nawo ngati wogwira thireyi. Kulankhula kunali kosatheka, chifukwa khoma la kachipindako linali limodzi ndi la khitchini, ndipo mayi Eveless makutu awo anali akuthwa. Ndiye a Esnati ankaima kumbuyo, dzanja lili pa chigongono cha amuna awo. Dzira lamoyo, kutsina kamodzi. Lopanda kanthu kapena losukusa, kutsina kawiri. Poyamba ankatsina ndi mantha mpaka kusiya zipsera.

“Ndinati muzitsina, osati muzisenda,” a Zikhale ankadandaula ali kunyumba kwawo.

“Zaka makumi atatu ndakhala ndikufuna mpata umenewu. Pirirani.”

Zinayenda. Mtima wodula uja unkaonetsa zonse poyera, moti ngakhale munthu wongoyamba kumene sakanasokonezeka. Maulendo atatu otsatizana anapiye anaswa bwino kuposa kale. Mayi Eveless anayamba kuitamanda tochiyo kwa amayi anzawo a mvano kutchalitchi, ndipo a Zikhale akamva ankangoyang’ana pansi.

Koma utsi uja unkakulirakulira, ndipo iwo anayamba kukonzekera. Masana mayi Eveless akagona pang’ono, a Zikhale ankatsinzina n’kumayenda pabwalo akuwerenga mapazi. Kuchokera pakhomo pawo kukafika ku khola, mapazi makumi anayi ndi limodzi. Kuchokera ku khola kukafika pa mpopi, khumi ndi asanu ndi awiri, kenaka kukhotera kumanzere pamene pamamveka fungo la mandimu. Anaphunzira kusiyanitsa udzu ndi mbande za maluwa pongokhudza. Ankati akalidziwa bwaloli ndi mapazi ndi zala, mwina angabise chaka china, mwina ziwiri. Anthu oyandikana nawo powaona akuyenda chotsinzina, milomo ikugwedera, ankayesa akupemphera.

Linafika tsiku lina mu Juni, kukuzizira kolowa m’mafupa. Onse anavala majuzi. A Zikhale ndi a Esnati anali atangotseka chitseko cha kachipinda kaja pamene chinatsegukanso.

“Lero ndionere nawo,” anatero mayi Eveless. “Ndatopa kutamanda chinthu chimene sindinachione.”

Anatseka chitseko, mdima n’kubwerera. Kachipindako kanali kopanikiza. Mayi Eveless anadzipanikiza pambali pa a Zikhale, kumanja, pomwe a Esnati ankapisira dzanja. A Esnati anatsalira kumbuyo kwa onse awiri ndi thireyi yawo, akusuzumira pakati pa mapewa. A Zikhale anadzilimbitsa mtima. Anthu atatu kapena awiri, chigongono ndi chomwecho.

Anatenga dzira loyamba, nayatsa.

“Ha! Kukongola kwake,” anatero mayi Eveless.

A Zikhale anadikira. Pachigongono panali zii. Koma mawu a Amayiwo anawathandiza, nati, “Lamoyo,” nalibwezera m’makina.

Anatenga lachiwiri. Ulendo uno palibe analankhula. Anadikira kutsina, osabwera. Anatembenuza dziralo pang’onopang’ono ngati akulisinkhasinkha. Chitsulo cha tochi chinayamba kufunda m’dzanja lawo. Anasuntha chigongono cham’mbuyo, kuchipereka, koma palibe anachilandira.

“Ili ndi lamoyonso,” iwo anatero.

Kumbuyo a Esnati anatsokomola. Dzira lachitatu a Zikhale analigwira nthawi yaitali kuposa onse. Analingalira kuti amoyo sangatsatizane atatu.

“Lopanda kanthu.”

“Hmm,” anatero mayi Eveless. Kenaka analankhula ndi mawu awo a masiku onse, ngati akufunsa za mtengo wa tomato. “Esnati, chigongono chimene ukutsinachi ndi changa.”

Thireyi inagwedezeka, mazira n’kugundana.

“Loyamba wanditsina kamodzi. Lachiwiri kawiri, ndipo linalidi loyera ngati madzi. Lachitatuli kamodzi, mwamphamvu, ndipo ndikukaona kakusewera m’katimo. A Zikhale, libwezeni m’makina lisanapse, lachiwiri lija mulichotse. Ndiye tituluke.”

Anatuluka. Kuwala kwa dzuwa kunawalasa a Zikhale m’maso. Anaima atagwira tochi ndi manja awiri ngati mwana wogwidwa ndi shuga m’kamwa. A Esnati anali atagwada kale pa simenti.

“Amayi, tikhululukireni. Katundu wathu si wambiri. Mutipatse mpaka kutha kwa mwezi.”

“Dzuka iwe, simentiyo ikuzizira. A Zikhale, khalani pa mpandopo, pamthunzi. Bweretsani tochiyo.”

Mayi Eveless anaiyatsa, naona ukali wake, naiphimba ndi mpango wopinda kawiri. Anawagwira chibwano ndi dzanja lozolowera, naunika chammbali, diso lamanja, kenaka lamanzere.

“Zinayamba liti?”

“Chaka chatha, Amayi. Mwina chakumapeto kwa chinzake.”

“Zimapweteka?”

“Ayi. Ndi utsi chabe. Ndi za kumtundu. Bambo anga zinawagwira chomwechi.”

“Bambo anu anapita kuchipatala?”

“Kukatani? Khungu ndi khungu.”

Mayi Eveless anazimitsa tochi, naiika pamiyendo pawo. Anapumira m’mwamba.

“Ndagwira ntchito m’chipatala zaka makumi atatu, ndipo munthu akuchita khungu kuseri kwa khitchini yanga, ine ndili kalikiliki kutamanda tochi. Iyi ikuoneka kuti ndi ng’ala, a Zikhale. Madokotala a maso ndiwo akatsimikize, koma ndaziona zambirimbiri. Amaichotsa. Sakugonekani n’komwe tulo, amangoziziritsa disolo. Nyemba zimachedwa kupsa kuposa ntchito imeneyi.”

“Amaichotsa, n’kutani?”

“N’kuona. Mukufuna atani?”

A Zikhale anali ngati munthu amene wasenza thumba mtunda wautali ndipo wina walitula mosamuchenjeza. A Esnati anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

“Ndiye ntchito, Amayi?” a Zikhale anafunsa.

“Ntchito yatani? Maluwa a kugeti akufota. Ndipo iwe Esnati, zala zakozo ndi pulayala. Taona mkono wangawu.”

Madzulo ake a Zikhale anakhala pakhomo pawo akusinkhasinkha. A Esnati anawafunsa ngati akuopa mpeni wa dokotala.

“Ayi. Ndikuganiza chingwe chija. Zaka khumi ndi chimodzi, mayi a Mtendere. Chifukwa cha chinthu chosachedwa ngati nyemba.”

Mayi Eveless anawatenga okha pa galimoto yawo kupita kuchipatala cha maso. Madokotala anatsimikiza, nayamba ndi diso lamanja. M’mawa mwake namwino atamatula thonje, a Zikhale anaphethira kangapo. Choyamba kuona chinali mizere ya bulangete, uliwonse pawokha. Kenaka anatembenuka, nawayang’ana akazi awo nthawi yaitali.

“Mayi a Mtendere, imvizi zabwera liti?”

“Zabwera ndi mazira anu. Mukufuna akubwezereni ng’alayo?”

Odwala a m’mabedi oyandikana anaseka, ndipo a Zikhale anaseka nawo mpaka namwino anawaletsa kuti angagwedeze diso.

Diso lamanzere linatsatira patapita miyezi iwiri. Tsiku loyamba kuunikanso mazira analowa okha. Anayatsa, naona zimene a Esnati ankanena zija: timitsempha tonse, ndi kanthu kakuda kakudzigwedeza pakati. Zaka khumi akugwira ntchitoyi anali asanaonepo bwino chotero. Atatsala ndi mazira ochepa, anakumbukira bokosi la machesi. Anamasula tochi, nachotsa mtima wodula, nabwezeramo kababu kakale. Kuwala kofiirira kuja kunabwerera. Anagunditsa dzira. Kangaude uja anali pomwepo, wosawala kwenikweni, koma wokwanira munthu wodziwa ntchito yake.

A Esnati anawamva akuseka okha m’kachipindamo.

Kuyambira pamenepo yankho lawo linakhala pawiri. Akakumbukira malata ankati anapusa, kababu kakale kanalibe mlandu, ndipo a Shabir ananena zoona. Ankawonjezanso kuti kuwalako ndi kumene kunawathandiza kunama miyezi itatu, chifukwa popanda iko a Esnati sakanatha kuwaonera. Koma tsiku lina ankati akanapanda kugula wodulawo akanatha chaka china akusintha mabatire ndi kutukwana masitolo. Chinawatsekera pothawira ndi chakuti kuposa pamenepo panalibenso tochi ina yoti akagule.

Mvula itayandikira, a Zikhale anayamba kusintha. Ntchito ankagwira monga kale, koma ankaima nthawi yaitali pageti akuyang’ana kumene msewu ukuthera. Lamlungu akaweruka kutchalitchi sankabwerera mwachindunji. Ankakwera minibasi iliyonse mpaka kumene yathera, iwo amene ankaumira kabaza, n’kubwera madzulo ndi nkhani za mapiri amene anawaona patali.

Anapita kwa a Shabir, nagula mtima wotchipa uja ndi tochi ina yachitsulo yogwiritsidwapo kale ntchito.

“Mwabwerera ku mawu anga, madala?”

“Iyi si yanga. Yanga ilibe vuto.”

A Zikhale anawaphunzitsa mayi Eveless kuunika, maulendo atatu, mpaka anasiya kulakwitsa. Mtima wotchipawo unagwira ntchito bwinobwino, ndipo ukugwirabe. Anawapezeranso munthu wa m’maluwa, bambo wina wa kutchalitchi kwawo dzina lake Ackson. Zonse zitakhala m’malo, anavala jekete, napita ndi a Esnati kukagogoda kukhomo la kutsogolo, kumene sankalowera.

“Amayi, tabwera kudzatsanzika.”

“Ndakulakwirani chiyani?”

“Palibe. Mwatichitira zoposa abale. Koma pabwalo pano ndinapawerenga, Amayi. Kuchokera pakhomo panga kukafika ku khola ndi mapazi makumi anayi ndi limodzi. Ndinali nditavomera kuti moyo wanga wotsala ndi mapazi amenewo, ndipo ndinkapemphera kuti asandilande. Tsopano ndikamayenda, miyendo ikumawerengabe yokha. Ndayesa kuiletsa, ikukana. Ndikufuna ndikaponde kumene sindikudziwa chiwerengero chake.”

Mayi Eveless anawayang’ana, nayang’ana a Esnati.

“Nawenso wavomera zimenezi?”

“Ndikapanda kupita adzawatsina ndani, Amayi?”

“Ndiye mukupita kuti? Ku Mitundu?”

“Kumeneko ayi, nyumba yake ilibe denga,” anatero a Zikhale. “Sitinagwirizanebe. Ine ndikuti uku, awa akuti uku. Tikamalizira kudepoti.”

Mayi Eveless anayesa kuwabweza sabata yonse, kenaka analeka. Anawapatsa anapiye makumi awiri m’katoni yobowola, ndi mabotolo awiri a mankhwala a m’maso, nawalamula kuti aziimba foni. A Esnati anaimba kamodzi, kunena kuti afika bwino ndipo anapiye onse ali moyo, koma mawu ankaduka, ndipo dzina la malowo silinamveke. Kenaka nambalayo inasiya kulowa. Ku Mitundu sanafikeko. Wina anati anawaona ku Mchinji. Mayi wina wogulitsa mbatata anati pa msika wina cha ku Dedza pali bambo woweta nkhuku amene amaimitsa nkhalamba zoyenda ndi ndodo, n’kuziunika m’maso ndi tochi yokulunga mpango, n’kuziuza kuti zipite kuchipatala. Dzina sanalidziwe, ndipo tochi zachitsulo m’dziko muno n’zambiri.

Ananyamuka Lachinayi m’mawa, dzuwa litangotuluka. A Esnati anasenza katoni ya anapiye. A Zikhale anakoleka chikwama paphewa, ndipo kumutu kwa tochi kunkasuzumira pa zipi yosatsekeka. Pageti anagwirana chanza ndi a Ackson, nawakumbutsa kuti mpopi wa kukhola umafuna kutseka mwamphamvu. Kenaka anatsika ndi msewu wolowera m’tauni, iwo patsogolo, akuyenda mofulumira, mutu uli m’mwamba, akuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse chimene ankachidutsa, a Esnati akuwakalipira pambuyo kuti anapiye achita chizungulire. Pa mphambano anakhota, ndipo mitengo inawabisa.